Musanasamukire ku kampani ina ya foni, werengerani zimene mumagwiritsadi ntchito

Anthu ambiri akamadandaula za ndalama zimene zimathera pa foni yam'manja amafunsa kuti kampani yotchipa kuposa zonse ndi iti. Funsoli ndi lomveka, koma yankho lake silingakhale limodzi kwa aliyense, chifukwa makampani amakonza mabandulo awo mwadala kuti asafanane. Ina imapereka deta yambiri koma ya masiku ochepa, ina imapereka mphindi zochuluka zoimbira anthu a netiweki yomweyo basi, ndipo ina imatsitsa mtengo wa usiku pomwe wa masana uli pamwamba. Mtengo woyenera kuyerekeza ndi wa zimene inuyo mumagwiritsa ntchito, pamalo pamene mumakhala, pa chaka chathunthu, ndipo nthawi zambiri chiwerengero chimenecho sichipezeka pa chikwangwani chotsatsira malonda.

Choyamba ndi kudziwa mmene mumagwiritsira ntchito foni yanu, ndipo apa kungoganizira kumanamiza kwambiri. Mafoni a Android ndi a iPhone onse ali ndi malo amene amaonetsa kuchuluka kwa deta imene pulogalamu iliyonse yadya, ndipo makampani ambiri amatha kukupatsani mbiri ya mafoni amene mwaimba. Ndi bwino kuyang'ana miyezi itatu yotsatizana, popeza mwezi umodzi ukhoza kukhala wa ulendo kapena wa matenda pabanja, pamene munthu amaimba mopitirira chizolowezi. Ambiri amadabwa kuona kuti mauthenga olemba ndi kuimbirana mawu pa WhatsApp zimadya deta yochepa kwambiri, pomwe mavidiyo ndiwo amamaliza bandulo. Netflix, kampani yoonetsa makanema pa intaneti, imanena kuti ola limodzi la kanema wooneka mwa wamba limadya pafupifupi 1 GB, ndipo wooneka bwino kwambiri amatha kufika 3 GB pa ola. Mavidiyo a pa Facebook, TikTok ndi YouTube amene amayamba kusewera okha, komanso mapulogalamu amene amadzikonzanso mwakachetechete, amadya gawo lalikulu munthu asakudziwa.

Mukadziwa chiwerengero chanu, m'pamene masamu enieni amayamba, ndipo pano ndi pamene ndimaona anthu ambiri akutaya ndalama. Tiyerekeze kuti kampani ina ikugulitsa 20 GB pa 150, ndipo inzake ikugulitsa 8 GB pa 90, mu ndalama za dziko lililonse. Mukagawa, yoyambayo ikuoneka yotchipa, chifukwa GB imodzi ikugwera pa 7.5 pomwe ya chiwiriyo ikugwera pa 11.25. Koma ngati inu mumagwiritsa ntchito 7 GB pa mwezi ndipo yotsalayo imafa nthawi ikakwana, ndiye kuti pa bandulo yaikuluyo GB iliyonse imene mwadya mwailipira zoposa 21, pomwe pa yaing'onoyo mwailipira pafupifupi 13. Pa miyezi 12 kusiyanaku kukufika 720, ndalama zogulira deta imene simunaikhudze n'komwe. Kampani imadziwa bwino lomwe kuti gawo la zimene yagulitsa silidzagwiritsidwa ntchito, ndipo chimenecho n'chimodzi mwa zifukwa zimene imathera kutsatsa bandulo yaikulu pa mtengo wokopa.

Nthawi imene bandulo imakhala yamoyo ifunikanso kuiyang'anitsitsa. Bandulo yotchedwa ya mwezi koma yokhala masiku 28 imagulidwa maulendo 13 pa chaka, osati 12, ndipo mwezi woonjezerawo suoneka pa mtengo wolembedwa. Nkhaniyi inakula ku India mpaka bungwe loyang'anira za mafoni la TRAI linalamula mu 2022 kuti kampani iliyonse ikhale ndi bandulo imodzi kapena kuposerapo ya masiku 30. Palinso funso la zimene zimachitika bandulo ikatha mwezi usanathe. M'makampani ambiri foni imangopitiriza kudya mayunitsi pa mtengo wa kunja kwa bandulo, umene umakhala wokwera kangapo, kotero kuti vidiyo imodzi ikhoza kusesa mayunitsi a sabata yonse. Ku South Africa, malamulo a bungwe loyang'anira za mafoni la ICASA amene anayamba kugwira ntchito mu 2019 analetsa makampani kulipiritsa mtengo wa kunja kwa bandulo ya deta popanda chilolezo cha mwini foni, ndipo anawalamula kupereka njira yosungira deta yotsala. Kumene kulibe lamulo lotere, munthu ayenera kudzifunsira yekha asanagule. Mawu akuti deta yopanda malire nawonso ali ndi malire ake, chifukwa kawirikawiri liwiro la intaneti limatsitsidwa mukafika pa mlingo wina umene umalembedwa ndi timalemba ting'onoting'ono. Deta ya usiku ndi deta ya mapulogalamu osankhika muziiwerengera pokhapokha ngati mudzaigwiritsadi ntchito.

Pa nkhani ya kuimba, funso lofunika ndi loti anthu amene mumawaimbira kawirikawiri ali pa netiweki iti. Mukaimba kuchoka pa kampani ina kupita pa inzake, kampani yanu imalipira inayo kangachepe chifukwa chofikitsa foniyo kwa woilandira, ndipo m'maiko ambiri n'chifukwa chake kuimbira netiweki ina kumadula kuposa kuimbirana pa netiweki imodzi. Ngati banja lanu, makasitomala anu ndi anzanu a kuntchito onse ali pa kampani imene mukufuna kuisiya, zimene mwapulumutsa pa deta zikhoza kuthera pa mphindi.

Komabe chimene ndimachiika patsogolo pa zonsezi ndi mphamvu ya netiweki, chifukwa bandulo yotchipa imene siikugwira m'nyumba mwanu ndi ndalama zotayika. Mapu amene makampani amaonetsa amawerengedwa ndi kompyuta ndipo nthawi zambiri amanena za panja, osati za m'kati mwa nyumba ya makoma okhuthala kapena kuseri kwa phiri. Mafunde a wailesi otsika, monga a 700, 800 ndi 900 MHz, amafika patali ndipo amalowa bwino m'nyumba, pomwe okwera monga a 1800, 2100 ndi 2600 MHz amanyamula deta yambiri koma pa mtunda waufupi. Makampani awiri akhoza onse kulemba 4G, koma ngati ina ili ndi mafunde otsika ndipo inzake ilibe, zimene mungaone kumudzi kapena m'chipinda chapakati zidzasiyana kwambiri. Ndiponso timizere ta netiweki ta pa foni timangosonyeza mphamvu ya mafunde ochokera ku nsanja, sitinena kuti nsanjayo yadzaza ndi anthu angati, n'chifukwa chake intaneti imatha kukwawa madzulo ngakhale timizereto tili todzaza. Pali makampani ena amene alibe nsanja zawozawo ndipo amabwereka netiweki ya kampani yaikulu, monga mmene Virgin Mobile inayambira ku Britain mu 1999. Amenewa amakhala otchipirapo, ndipo kudziwa mwini nsanja kumakuuzani kumene adzagwire ndi kumene sadzagwira.

Njira yodalirika yodziwira zoona ndi kuyesa musanasamuke. Mafoni ambiri masiku ano amalandira makhadi awiri, ndipo ena ali ndi eSIM, khadi lomangidwira m'kati mwa foni momwemo, imene inafika pa iPhone mu 2018. Gulani khadi la kampani imene ikukukopaniyo, ikanimo bandulo yaing'ono, ndipo muigwiritse ntchito kwa sabata imodzi kapena ziwiri kunyumba, kuntchito ndi panjira imene mumadutsa tsiku ndi tsiku, makamaka nthawi ya madzulo. Anthu ena akayesa motere amapeza kuti palibe chifukwa chosamukira n'komwe, popeza akhoza kusunga nambala yakale yoimbira ndi kulandirira mafoni n'kumagula deta pa khadi latsopanolo. Kwa munthu amene amalipiriratu pogula mayunitsi, ine ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo imapindulitsa kawirikawiri.

Kwa amene ali pa mgwirizano wolipira mwezi ndi mwezi nkhani imalemererapo. Mgwirizano wa miyezi 24 umene umabwera ndi foni yotchedwa yaulere ndi ngongole ya foniyo imene yabisika m'malipiro a mwezi uliwonse, ndipo kuti mudziwe mtengo wake weniweni muyenera kuphatikiza malipiro a miyezi yonse 24 n'kuyerekeza ndi kugula foniyo panokha pamodzi ndi bandulo wamba. Mukachoka nthawi isanakwane mumalipira zotsala kapena chindapusa, ndipo foniyo ikhoza kukhala yokhomedwa kuti isalandire khadi la kampani ina. Chimene chimandipweteka ndi kuona anthu amene mgwirizano wawo unatha kalekale akulipirabe mtengo womwewo, ngati kuti akubwezabe ngongole ya foni imene anamaliza kale kulipira. Kampani yatsopano nayo ifunsidwe kuti mtengo wokopa umene ikupereka udzatha liti komanso kuti udzakwera kufika pati. Musanatsanzike, imbirani kampani yanu n'kuiuza kuti mukufuna kuchoka, chifukwa makampani ambiri amaona kuti kusunga kasitomala n'kotchipa kusiyana ndi kupeza watsopano, ndipo amakhala ndi mitengo yapadera imene satsatsa poyera.

Chotsala ndi nambala. M'maiko ambiri muli lamulo lolola munthu kusamuka ndi nambala yake. Britain ndi Hong Kong anayamba mu 1999, United States mu 2003, South Africa mu 2006, India, Kenya ndi Ghana mu 2011, ndipo Nigeria mu 2013. Kumene mwayi umenewu ulipo, lamulo lalikulu n'lakuti musatseke nambala yakale nokha, koma mupemphe kampani yatsopano kuti ndiyo iyendetse ntchito yosamutsayo, chifukwa nambala yotsekedwa kale siingasamutsidwe. Mayunitsi ndi deta zotsala kawirikawiri sizisamuka, choncho ndi bwino kuzimaliza kaye. Kumene mwayiwu kulibe, kusintha kampani ndi kusinthanso nambala, ndipo mtengo wake ndi waukulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Nambala ya foni masiku ano imalandira manambala achinsinsi a kubanki, imasunga ndalama za pa foni, ndipo ndi imene imatsegula WhatsApp ndi imelo mukaiwala mawu achinsinsi. Khadi likakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imalitseka ndipo pambuyo pake nambalayo imagulitsidwa kwa munthu wina, amene akhoza kuyamba kulandira mauthenga anu a kubanki. Choncho lembani mndandanda wa malo onse amene munalembetsa nambala yakale, musinthe limodzi ndi limodzi kuyambira ndi banki ndi ndalama za pa foni, ndipo khadi lakalelo muzilisunga lamoyo kwa miyezi ingapo poikamo mayunitsi ochepa mpaka mutatsimikiza kuti palibenso uthenga wofunika umene ukufikira kumeneko.