Amayi a ku Syria pansi pa boma latsopano: nkhawa yawo inayambira kuti?

Pa 8 Disembala 2025 dziko la Syria linakumbukira kuti patha chaka chigwereni boma la Bashar al-Assad. Iye anathawira ku Moscow pa tsiku ngati limeneli mu 2024, asilikali oukira boma otsogozedwa ndi gulu la Chisilamu la Hayat Tahrir al-Sham, lija ambiri amangoliti HTS, atalowa mu Damascus pasanathe n'komwe milungu iwiri chiyambireni nkhondo yawo. Mtsogoleri wawo, Ahmed al-Sharaa, ndiye pulezidenti tsopano. Chisangalalo cha anthu chinali chenicheni, ndipo aliyense amene anaona zitseko za ndende ya Sednaya zikuthyoledwa sangawaimbe mlandu.

Koma mkangano wa amayi sunazizire. Pa chisankho cha aphungu cha pa 5 Okutobala 2025, chimene anavota ndi anthu osankhidwa okha osati mtundu wonse, pa mipando 119 amayi anapeza 6 basi. Pa nduna 23 zimene zinalumbira pa 29 Malichi 2025, mayi ndi mmodzi, Hind Kabawat, Mkhristu, woona za ntchito ndi chisamaliro cha anthu. Ena akuti Syria yayamba ulendo wa ku Afghanistan, kumene a Taliban amapondereza amayi. Ena akuti amenewo ndi mantha a azungu, boma lipatsidwe nthawi. Mbali zonse ziwiri zimaiwala msanga kumene nkhaniyi inachokera.

Amayi a ku Syria sanayambe dzulo kulowa m'ndale. Mary Ajami anayambitsa magazini ya amayi ku Damascus mu 1910. Nazik al-Abid anavala yunifomu n'kupita kunkhondo ya ku Maysalun mu 1920 pamene Afalansa ankalanda dzikolo. Mu 1949 amayi ophunzira analoledwa kuvota, ndipo mu 1953 ufuluwo unafalikira kwa onse. Chaka chomwecho panakhazikitsidwanso lamulo la maukwati ndi mabanja lotsamira pa Shariya, ndipo ndi limeneli lofunika kulisunga m'mutu. Limalola mitala, limapatsa mwamuna mphamvu yothetsa banja mwa iye yekha, ndipo mwana wamkazi amalandira theka la chuma chamasiye chimene mlongo wake walandira. Akhristu ndi a Druze, kagulu kena kachipembedzo, ali ndi malamulo awoawo pa zina mwa izi. Lamulo la unzika la 1969 linawonjezera kuti mwana amatenga unzika kwa bambo, moti mayi wa ku Syria wokwatiwa ndi mlendo sangaupereke kwa mwana wake. Maboma onse odzitcha osatsata chipembedzo anangolikhudza m'mphepete lamulo la mabanjali, monga mu 1975 ndi 2019, osaligwedeza thima.

Chipani cha Baath, chija cha a Assad, chimene chinalanda boma mu 1963, chinali katswiri poonetsa amayi kwa alendo. Bungwe lalikulu la amayi linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo ena onse ofuna kuyankhulira amayi paokha analibe malo. Ife amene tinaona mbumba ikuvinira Kamuzu pamene lamulo la 1973 linkaletsa mayi kuvala thalauzi, tikuudziwa mtundu umenewu wa ulemu. Najah al-Attar anakhala nduna ya zachikhalidwe mu 1976, kenako wachiwiri kwa pulezidenti mu 2006. Atsikana ambiri anaphunzira mpaka kuyunivesite, zimenezo sitingakane. Koma gawo la malamulo lochepetsa chilango cha mwamuna wopha mkazi wapachibale m'dzina la "ulemu wa banja" linadzachotsedwa mu 2020, Baath italamulira zaka 57.

Pali chochitika china cha mu Seputembala 1981 chimene anthu akunja sachitchula kawirikawiri. Atsikana ophunzitsidwa usilikali pansi pa Rifaat al-Assad, mng'ono wake wa pulezidenti Hafez, bambo wake wa Bashar, anatuluka m'misewu ya Damascus n'kumavula amayi mahijabu mokakamiza. Anthu anakwiya kwambiri moti Hafez anachita kuyankhula poyera kuti aziziritse mitima, komabe hijabu inakhala yoletsedwa m'sukulu kwa zaka zambiri. Miyezi ingapo pambuyo pake, mu Febuluwale 1982, asilikali a Rifaat yemweyo anapha anthu miyandamiyanda ku Hama. Kuyambira pamenepo, kwa mabanja ambiri achi Sunni, gulu lalikulu la Asilamu a m'dzikolo, kuphimba kumutu kunasanduka njira yokanira boma. Ndi chifukwa chake munthu amalakwa akaona mayi wa hijabu ku Damascus lero n'kuganiza kuti wakakamizidwa. Bashar naye anaseweretsa nsalu yomweyo: mu 2010 anachotsa m'kalasi aphunzitsi ovala nikabu, nsalu yophimba nkhope, zionetsero zitayamba mu 2011 n'kuwabwezeretsa mwachangu kuti akondweretse mashehe.

Zionetsero za 2011 zinali ndi amayi kutsogolo. Fadwa Suleiman, wochita zisudzo wa mtundu wa Alawite, mtundu wa Assad yemwe, ankatsogolera nyimbo pa zionetsero ku Homs. Koma kwa ine, pamene nkhani ya amayi inakhotera ndi ku Douma, usiku wa pa 9 Disembala 2013.

Razan Zaitouneh anali loya. Kuyambira cha m'ma 2001 ankaimira akaidi andale, ndipo ambiri mwa iwo anali Asilamu olimbikira chipembedzo amene maloya ena ankaopa kuwayandikira. Zionetsero zitayamba anathandiza kukhazikitsa makomiti a m'madera okonza zionetserozo, komanso ofesi yolemba mayina a ophedwa ndi omangidwa, ya Violations Documentation Center. Boma linamusaka, mwamuna wake Wael Hamada anamangidwa, iye n'kumabisala nyumba ndi nyumba mu Damascus. Mu 2011 analandira mphoto ya ufulu wa anthu ya ku Ulaya ya Sakharov ali kobisala komweko. Mu 2013 anazembera ku Douma, tauni ya ku Eastern Ghouta imene inali m'manja mwa oukira boma, poganiza kuti kumeneko agwira ntchito momasuka. Bomba la mpweya wa poizoni wa sarin litagwa ku Ghouta pa 21 Ogasiti 2013, ofesi yake inali m'gulu la oyamba kuyenda m'zipatala kuwerenga mitembo.

Ku Douma kunalinso Samira Khalil, amene anakhalapo zaka zinayi m'ndende za Hafez chifukwa cha ndale. Iye ankathandiza malo ophunzitsira amayi a m'tauniyo. Awiriwa sankavala hijabu, m'tauni ya anthu osunga mwambo kwambiri, imene mfuti zake zinali m'manja mwa gulu la Jaysh al-Islam la Zahran Alloush, munthu amene Assad anamutulutsa ku Sednaya mu 2011. Kusavala kokhako mwina akanakupirira. Chimene chinawapweteka eni mfutiwo n'chakuti Razan anayamba kulemba nkhanza za oukira boma omwe, kufunsa za ndende zawo, ndi kuthandiza makhonsolo a anthu wamba amene sankalamulidwa ndi msilikali. Mu Seputembala 2013 anthu anaombera mfuti pakhomo pake n'kusiya kalata yomuopseza. Iye sanachoke. Pa 9 Disembala anthu amfuti analowa mu ofesimo natenga anayi: Razan, Samira, Wael ndi loya mnzawo Nazem Hammadi. Mpaka lero sanaonekenso.

Anawatenga ndani? Jaysh al-Islam yakhala ikukana kuyambira tsiku loyamba. Mwamuna wa Samira, mlembi Yassin al-Haj Saleh, ndi mabungwe a ku Syria oona za ufulu wa anthu amaloza gululi, ndipo mfundo yawo ndi yolemera: m'Douma wozingidwa ndi adani uja simukanachitika chinthu chotere eni tauni osadziwa. Gululi litachoka mu 2018, atolankhani a Associated Press anamva za mawu olembedwa pakhoma la ndende yake ya Tawba, okhala ndi dzina la Razan ndi chaka cha 2016. Umboni umenewu ndi wopepuka, pakhoma aliyense angalembe. Alloush anaphedwa ndi bomba mu Disembala 2015, n'kupita nazo kumanda zimene ankadziwa. Mneneri wakale wa gululi, Majdi Nema, anagamulidwa zaka 10 ku Paris mu Meyi 2025, koma pa milandu ina ya kunkhondo. Mlandu wa anayiwa unali utachotsedwa kale pa mndandanda. Tinenenso chilungamo: HTS si imene ikuganiziridwa pa nkhaniyi. Chokhacho n'chakuti Jaysh al-Islam ndi limodzi mwa magulu amene analowa m'gulu lankhondo la boma latsopano mu 2025.

Kuyambira usiku umenewo, mayi aliyense wa m'madera a oukira boma anadziwa kuti mphoto za kunja sizitchinjiriza munthu. Ambiri anathawira ku Turkey, Lebanon ndi ku Ulaya, ndipo otsala anaphunzira kugwira ntchito mwakachetechete, m'masukulu ndi m'zipatala, osakhudza za ulamuliro. Nayo mbali ya boma sinali pothawira. Lipoti la ofufuza a United Nations la mu Malichi 2018 linafotokoza za kugwiriridwa kwa amayi ndi atsikana m'ndende ndi pa malodibuloko a Assad, ndipo linati asilikali a boma ndi owathandiza ndiwo anachita zambiri mwa nkhanzazo.

Za HTS yeniyeniyo timazionera ku Idlib, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kumene inalamulira kuyambira 2017. Gululi linachokera ku Jabhat al-Nusra, nthambi ya al-Qaeda, imene inalengeza kuti yasiyana ndi kholo lakelo mu 2016. Ku Idlib kunali apolisi a chikhalidwe oyang'ana kavalidwe, anyamata ndi atsikana ankaphunzira padera, ndipo m'boma lawo la kumeneko munalibe nduna yaikazi. M'zaka zomaliza anafewetsako dzanja, mwina chifukwa anthu ankadandaula, mwina chifukwa al-Sharaa ankafuna kuyeretsa dzina lake kunja. Atsikana sanaletsedwe sukulu. Al-Sharaa anauza BBC mu Disembala 2024 kuti akuganiza kuti amayi m'mayunivesite a ku Idlib amaposa 60 pa 100 alionse. Nambala imeneyi ndi ya mwiniwake wa nkhani, komanso tikumbukire kuti anyamata ambiri anali kunkhondo kapena kunja kwa dziko.

Milungu yoyamba ku Damascus inabweretsa zizindikiro zosokoneza. Mneneri wa boma Obeida Arnaout ananena kuti chibadwa cha mayi sichigwirizana ndi maudindo ena monga unduna wa zachitetezo, ndipo pa 19 Disembala 2024 anthu mazanamazana anasonkhana pa bwalo la Umayyad kufuna boma la anthu onse ndi ufulu wa amayi. Aisha al-Dibs, amene anapatsidwa ofesi yoona za amayi, anakwiyitsa ambiri atanena kuti sadzapereka mpata kwa osagwirizana ndi maganizo ake. Nthawi yomweyo Maysaa Sabreen anakhala mayi woyamba kutsogolera banki yaikulu ya dzikolo, ngakhale anangokhalapo miyezi itatu. Choopsa koposa chinatuluka mu Januwale 2025: makanema a mu 2015 oonetsa Shadi al-Waisi, nduna ya zachilungamo panthawiyo, akuyang'anira kuphedwa kwa amayi awiri poyera ku Idlib pa milandu ya uhule. Bungwe lofufuza zoona za nkhani la Verify-Sy linatsimikiza kuti ndi iyeyo. Anakhalabe pampando mpaka kumapeto kwa Malichi.

Nyuzipepala za ku Ulaya zinathera inki yambiri pa zoti al-Sharaa sanagwire chanza nduna ya ku Germany, Annalena Baerbock, ndi pa lamulo la mu Juni 2025 la zovala zosambira nazo kunyanja. Zimenezi n'zazing'ono poyerekeza ndi za kugombe la nyanja ku Syria. Mu Malichi 2025 anthu pafupifupi 1,400, ambiri a mtundu wa Alawite, anaphedwa kumeneko, ndipo kenako kunamveka za amayi ndi atsikana osowa. Amnesty International inati inalandira malipoti odalirika a anthu osachepera 36. Unduna wa zam'dziko unayankha mu Novembala kuti unafufuza nkhani 42, n'kupeza kuti imodzi yokha ndiyo inali kubedwa kwenikweni. Undunawo unati ena anathawa ndi zibwenzi kapena anathawa nkhanza za kunyumba. N'kutheka kuti zina mwa nkhanizo zinali choncho. Koma banja limene mwana wake wabwerako, likukhala pakati pa anthu amfuti, lingauze wapolisi zonse? Ine sindikhulupirira. Amayi achi Kurd a kumpoto chakum'mawa, amene anazolowera kuti udindo uliwonse ukhale ndi mwamuna ndi mkazi, nawo anaona Abu Hatem Shaqra, mkulu wa gulu limene linapha wandale Hevrin Khalaf mu Okutobala 2019, akupatsidwa udindo waukulu wa usilikali mu Meyi 2025.

Kunena kuti Syria ndi Afghanistan n'kukokomeza. A Taliban anatseka sekondale kwa atsikana, n'kutsekanso mayunivesite mu Disembala 2022. Ku Damascus amayi akugwira ntchito, akuphunzira, akutsutsa boma poyera, ndipo mabungwe awo amene anali kunja akubwerera. Malamulo oyendetsera dziko ongogwirizira, a pa 13 Malichi 2025, amatchula ufulu wa mayi wa maphunziro ndi ntchito. Koma malamulo omwewo amati chiphunzitso cha malamulo a Chisilamu ndicho gwero lalikulu la malamulo onse, ndipo amapatsa pulezidenti mphamvu zambiri kwa zaka zisanu, kuphatikizapo yosankha yekha gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu. Choncho zimene amayi ali nazo lero zikudalira mtima wa munthu mmodzi ndi kufuna kwake thandizo la kunja.

Pakadali pano lamulo la 1953 ndi la 1969 akugwirabe ntchito, ndipo amene akuwamva kuwawa kwambiri si amayi a pa bwalo la Umayyad. Anthu oposa 100,000 anasowa m'zaka za nkhondo, ambiri ndi amuna amene analowa m'ndende za Assad osatulukamo. Mkazi wa munthu wotere sali pabanja, komanso si wamasiye. Popanda chikalata cha imfa, kugulitsa nyumba, kulandira chuma chamasiye kapena kukwatiwanso kumafuna kuyamba wazunzika m'makhothi, ndipo udindo woyang'anira chuma cha ana umayamba wapita kuchimuna. Amene anabereka ndi asilikali achilendo ali ndi ana opanda unzika. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza za osowa mu Meyi 2025, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho ntchito yake inali itangoyamba kumene.