Kabowo ka mahedifoni ndi makampani amene anakakana

Pulagi yozungulira ya mahedifoni inachokera ku maofesi a lamya a m'zaka za m'ma 1870, kumene ogwira ntchito ankalumikiza anthu oimbirana posomeka nthambo m'mabowo a pabolodi. Inali yonenepa mamilimita 6.35, ndipo oimba magitala amagetsi akuigwiritsabe ntchito. Yaing'ono ya mamilimita 3.5 inabwera ndi timawailesi tam'manja m'ma 1950, koma inafala zedi Sony itatulutsa Walkman mu 1979. Walkman yoyambayo inali ndi timabowo tiwiri kuti anthu awiri azimvera kaseti imodzi.

Chimene ndimakakondera kabowoka n'choti kalibe mwini. Aliyense angapange mahedifoni osapempha chilolezo kwa wina, ndipo alira pa wailesi, pa kompyuta ngakhale pa foni.

Mafoni atayamba kuimba nyimbo, makampani ambiri anafuna posomekera pawopawo. Nokia inabweretsa Pop-Port mu 2002, Sony Ericsson inadza ndi FastPort, ndipo T-Mobile G1 ya mu 2008, foni yoyamba ya Android, inalibe kabowo kozungulira. Munthu akasintha foni, mahedifoni abwinobwino ankasanduka zinyalala. Pa Sony Ericsson posomekera mahedifoni ndi pomwenso ankatchajira, moti batire ikatha nyimbo zinkayamba zadikira. Ogula anatopa nazo, ndipo pofika cha m'ma 2010 kabowo kakale kanali katabwerera pa mafoni ambiri.

Mkangano unabukanso mu 2016 pamene Apple inachotsa kabowoka pa iPhone 7. Phil Schiller, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, anati kumeneko kunali kulimba mtima. Zifukwa zimene kampaniyo inapereka zinali kuchepa kwa malo m'kati mwa foni ndi kutchinga madzi. Za malozo n'zomveka, koma za madzi sizindikhutiritsa, chifukwa Galaxy S7 ya Samsung inatuluka chaka chomwecho ili ndi kabowo komanso yosalowa madzi. Tsiku lomwe inalengeza iPhone 7, Apple inalengezanso AirPods, mahedifoni ake opanda nthambo, za madola 159, ndipo wofuna kupanga mahedifoni osomeka pa Lightning, potchajira iPhone pa nthawiyo, ankayenera kupeza chilolezo cha Apple. Google, imene poyamba inanyoza zimenezi, inachotsanso kabowoka pa Pixel 2 mu 2017.

Lero ambiri akudalira USB-C, posomekera pamene amatchajiranso foni, imene si ya kampani imodzi. Komabe mafoni ena amatumiza mawu okonzeka kale, pomwe ena amafuna adaputa yokhala ndi kachipangizo kosinthira mawuwo, choncho adaputa yolira pa foni iyi ikhoza kungoti zii pa ina, wogula n'kutayanso ndalama.