Kamba wa ku Fernandina sanathe

Anthu ambiri amakhulupirira kuti nyama ikatha zaka zambiri osaoneka, ndiye kuti mtundu wake unatha basi. Si nthawi zonse. Kwina kumangokhala kovuta kufikako.

Pachilumba cha Fernandina, ku Galápagos m'dziko la Ecuador, ofufuza anapezako kamba wamkulu mmodzi yekha mu 1906, wamphongo, ndipo anamupha n'kupita naye ku California. Panadutsa zaka zoposa 100 wina osapezeka. Chilumbachi chili ndi phiri lophulika, ndipo chiphalaphala chikauma chimasanduka miyala yakuthwa yong'amba nsapato, moti malo ambiri munthu sapondako.

Mu February 2019, ofufuza anapeza kamba wamkazi atabisala m'kadera ka zitsamba kozunguliridwa ndi miyalayo. Anamutcha Fernanda. Ena anakayika, amati mwina anachokera kuchilumba china, koma akatswiri atayerekeza DNA yake ndi ya wamphongo uja anatsimikiza kuti ndi mtundu umodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Fernanda ali yekha, akusungidwa pachilumba cha Santa Cruz. Komabe ku Fernandina kwaonekako ndowe ndi mapazi a akamba ena, ndiye kusaka wamphongo kusalekeke.