Tinkhani ta Chirasha sitiwerengedwa podumpha mathero a mawu

Dandaulo la wophunzira Chirasha silisintha: "Mawu onse a m'nkhaniyi ndikuwadziwa, koma chomwe yanena sindikuchimva." Wodandaulayo amakhala ataloweza mawu ambirimbiri pa foni, wapeza buku la tinkhani tatifupi ta Chirasha, ndipo akuganiza kuti akaloweza ena mazana awiri zimuyendera. Sizimuyendera. Vuto lake n'lakuti akuwerenga theka la liwu lililonse. Akangozindikira poyambira pake amalumphira liwu lotsatira, chonsecho Chirasha chimanena amene wachita ndi amene wachitiridwa kumathero kwa liwu.

Taonani ziganizo ziwiri izi. Анна любит Ивана akuti Anna amakonda Ivan. Анну любит Иван, Anna akadali koyambirira, koma wokondayo tsopano ndi Ivan. Chasintha n'chochepa: -а ya pa Anna yasanduka -у, ndipo -а ya pa Ivan yachoka. Ife tinazolowera kuti dzina loyamba m'chiganizo ndiye mwininkhani, choncho maso amathamangira pamenepo. Mu Chirasha dzina limasintha mathero malinga ndi ntchito yomwe likugwira, ndipo ntchitozo, zomwe eni ake amazitcha падеж, zilipo 6. В школу ndi wopita kusukulu, в школе ndi amene ali kale komweko. Брату ndi kupatsa m'bale, с братом ndi kukhala naye limodzi.

Amene amandidetsa nkhawa si woyamba kumene, koma wophunzira wakhama amene wamaliza kale tinkhani makumi angapo mwa njira yodumphayi. M'tinkhani ta oyamba olemba amasanja mawu mwachifundo, wochita patsogolo, wochitiridwa pambuyo, ndiye kulota kwake kumalondola nthawi zambiri. Palibe chimamudzudzula. Amayamba kudzidalira, liwiro limakwera, ndipo chizolowezi chimakhazikika. Tsiku lomwe adzapatsidwe ndime ya m'buku lenileni, kapena kalata yochokera ku yunivesite, amatembenuza tanthauzo lonse osadziwa n'komwe kuti walakwitsa. Kumubweza munthu wotere kumavuta kuposa kuphunzitsa amene sanayambe, chifukwa uyenera kumuuza kuti abwerere ku nkhani yoyamba, aiwerenge ngati mwana, pensulo ili m'manja. Ambiri amakana. Amati akubwezeredwa m'mbuyo.

Cholakwika chachiwiri ndicho kuwerenga ndi maso okha. Liwu lililonse la Chirasha lili ndi phatikizo limodzi lotsindikidwa, malo ake sadziwika ndi lamulo losavuta, ndipo m'mabuku a eni chinenero salembapo chizindikiro. Kutsindikako ndiko kumalamula kamvekedwe ka mavawelo enawo. Молоко, mkaka, ali ndi о atatu, koma amene amamveka ngati o ndi womaliza yekha, enawo amapendekera ku a. За́мок ndi nyumba yachifumu yamalinga, замо́к ndi loko wa pachitseko. Izi si zachilendo kwa ife amene timalemba "mtengo" mofanana kaya ndi wa m'nkhalango kaya ndi wa pamsika, kungoti pa Chichewa khutu linaphunzira kale, pa Chirasha silinayambe. Mukaloweza liwu ndi kutsindika kolakwika mudzalitchula choncho zaka, ndipo mwini chinenero akadzalinena molondola simudzalizindikira. Onjezaninso chilembo ё, chomwe osindikiza ambiri amangochilemba е, mwakuti все, anthu onse, ndi всё, zinthu zonse, zimaoneka chimodzimodzi. Buku la woyamba lopanda zizindikiro zotsindika komanso lopanda mawu ojambulidwa oti mumvetsere, lisiyeni, ngakhale litakhala laulere.

Nanga muwerenge chiyani? Anthu amathamangira nthano za ana poganiza kuti za ana n'zophweka. Mwana wa ku Moscow wa zaka zisanu amadziwa kale mathero onse aja, ndipo nthano zake zadzaza ndi mawu achikale ndi ochepetsa zinthu mwachikondi amene simudzawagwiritsa ntchito pogula buledi. Ena amalumphira kwa wolemba nkhani wotchuka Chekhov chifukwa nkhani zake n'zazifupi. Kufupika si kuphweka: muli maudindo a boma la m'zaka za m'ma 1800, nthabwala zobisika ndi ziganizo zoluka. Tinkhani tomwe wolemba wina wotchuka, Tolstoy, analembera ana a alimi m'mabuku ake ophunzitsira kuwerenga a 1872 ndi 1875 n'tabwinoko, koma nato tidikire miyezi ingapo. Poyambira penipeni ndi nkhani zolembedwera alendo, zokhala ndi mlingo wolembedwa pachikuto. Kampani ya Zlatoust ya ku St Petersburg imasindikiza zotere, ndipo Pushkin Institute ya ku Moscow ili ndi maphunziro a pa intaneti. Milingoyo imatsata mayeso a boma otchedwa TRKI: woyamba umafuna mawu pafupifupi 780, wachiwiri 1300, ndipo wachitatu, womwe amafuna polowa yunivesite, 2300. Inu yambani ndi wa 780, nkhani ya mawu 80 mpaka 150. Mukapeza mawu achilendo opitirira khumi pa mawu zana, nkhaniyo si yanu pakadali pano.

Nkhani imodzi ikutengereni masiku atatu, mphindi makumi awiri kapena atatu patsiku. Tsiku loyamba mvetserani kawiri buku lili chotseka, kenako werengani mpaka kumapeto osatsegula dikishonale. Mukabwerera koyambirira, dulani mzere pansi pa mathero a dzina lililonse n'kulifunsa funso lake: кто, ndani wachita, кого, wachitira yani, где, ali kuti, куда, akupita kuti. Tsiku lachiwiri werengani mokweza motsatana ndi wojambulidwayo, chiganizo chimodzichimodzi, ndipo mudzijambule pa foni. Apa ndi pomwe mudzamve kuti mukuika vawelo pakati pa makonsonanti ounjikana a mawu ngati взгляд, komanso kuti л ndi р, zomwe ndi l ndi r, mukuzisakaniza monga timachitira m'Chichewa. Kumeneko игра ndi masewera, игла ndi singano. Tsiku lachitatu fotokozani nkhaniyo nokha mutasintha munthu wake: ngati anali Ivan akhale Anna. Иван пошёл, "Ivan anapita", isanduka Анна пошла, он был, "iye anali", isanduka она была, ndipo afotokozi onse atsatira. Kagwirizanidwe ka mawu kotere sikayenera kumuopsa munthu amene amati "mwana wanga" koma "chingwe changa" osaganizira.

Dikishonale ili ndi misampha yake. Mukafufuza шёл m'buku simulipeza, chifukwa lili pansi pa идти. Отца lili pa отец, люди lili pa человек. Dikishonale ya pa intaneti ya Wiktionary imathandiza pamenepa chifukwa imakubwezerani ku liwu loyambira n'kuonetsa mathero onse ndi kutsindika kwake. Kukopera ndime yonse mu Google Translate kumakupatsani tanthauzo n'kukulandani phunziro. Mneni mumulembe m'kope awiriawiri, писать ndi написать, poti он писал письмо ndi "ankalemba kalata" pamene он написал письмо ndi "analemba n'kumaliza". Nkhani imayenda ndi aneni a mtundu wachiwiriwo, ndipo n'chifukwa chake kusiyanaku kumagwirika msanga m'nkhani kusiyana ndi pa tchati cha galamala. Musadabwenso kupeza Aleksandr watchedwa Sasha pa mzere wotsatira, kapena Mariya wasanduka Masha. Ndi munthu yemweyo. Zolankhula za anthu zimayamba ndi kamzere, ndipo m'zilembo zopendekera т amaoneka ngati m, и ngati u.

Tsopano za ochenjeretsa anzawo. Aliyense wokuphunzitsani Chirasha cholembedwa m'zilembo zathu zino akukuberani nthawi. Zilembo zake ndi 33 zokha, sabata imodzi kapena ziwiri zakwana, ndipo zovuta ndi zomwe zimafanana ndi zathu koma zikumveka mwina: В ndi v, Н ndi n, Р ndi r, С ndi s. Wolonjeza kuti mulankhula pa masiku 30 mufunseni akuwerengereni ndime mokweza, kenako muyerekeze ndi mwini chinenero. Tinkhani tomwe anthu akupanga ndi makina n'kumagulitsa pa WhatsApp tingakhale ndi zizindikiro zotsindika pamalo olakwika, ndipo woyamba alibe njira yodziwira.

Amene mwapeza malo a sukulu ku Russia, musamati Chirasha mukachiyambira komweko. Chaka chokonzekera chomwe amachitcha подфак chilipodi, koma m'miyezi yochepa mumayenera kuchoka pa zilembo kufika pomvera phunziro la kemisitiri kapena masamu m'chinenerocho, ndipo viza ikachedwa mumapeza anzanu atapita kale patali. Wofika atawerenga bwinobwino tinkhani makumi awiri amayambira pena.

Ndipo mlingo wa tinkhani si mlingo wa kontirakiti. Pakhala malipoti ambiri a achinyamata a m'maiko a mu Africa amene analonjezedwa ntchito kapena maphunziro, n'kusaina mapepala a Chirasha omwe sankawamva, mapeto ake n'kupezeka ku nkhondo kapena m'fakitale ya zida. Chikalata chalamulo chimadalira mathero omwe aja kunena amene ali ndi ngongole kwa mnzake, amene angathetse pangano, ndi amene sangachoke. Musasaine mpaka chitamasuliridwa chonse, tsamba ndi tsamba, ndi womasulira amene mwamupeza nokha, osati amene wabwera ndi ejenti.