Kusiya fodya sikudwalitsa munthu

Ndatopa nawo mawu amene ndakhala ndikuwamva kuyambira ndili mwana, akuti munthu amene wasuta zaka zambiri akasiya fodya amadwala chifukwa thupi linazolowera, ndiye bola angopitiriza. Si zoona.

Mawuwa ali ndi pochokera. Munthu akasiya, thupi limafunafuna nikotini, mankhwala a mu fodya amene amapatsa chibaba. Amapsa mtima msanga, tulo timasowa, njala imakula. Zimenezi zimavuta kwambiri sabata yoyamba, kenako zimachepa pakatha milungu ingapo. Ena amatsokomolanso kuposa kale, apa ndi pamene achibale amachita mantha. Chikuchitika n'chakuti timaubweya ta m'njira za mpweya, timene utsi unatifooketsa, tayambanso kugwira ntchito yotulutsa makhololo. Mapapo akudziyeretsa.

Mpweya woipa wa utsi umachepa m'magazi tsiku loyamba lomwelo. Pakatha chaka chimodzi, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika pafupifupi ndi theka, ndipo cha khansa ya m'mapapo chimatsika chimodzimodzi pakatha zaka 10. Izi n'zoona kaya munthu ankasuta ndudu za m'sitolo kaya chingambwe, ngakhale atasiya ali ndi zaka 60.

Musanauze mnzanu nkhani yangati ija yoti kusiya fodya kumadwalitsa kapena kuitumiza pa foni, funsani kaye dokotala kapena namwino kuchipatala. Amene wasiya atha kudzionera yekha mmene akupumira pokwera chitunda pakatha miyezi itatu. Koma chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena makhololo akatuluka ndi magazi, apite akayezetse TB, asangoti ndi fodya akutuluka.