Sitima yanu siima ku Rome

Nyengo ya maulendo apanyanja ikamayandikira, funso limene limandipeza kawirikawiri ndi ili: "Tikhala ku Rome tsiku lathunthu, ndiye tingaone malo angati?" Yankho langa silisangalatsa anthu. Simukhala ku Rome tsiku lathunthu, ndipo sitima yanu siifikako n'komwe. Imakocheza ku Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzindawo. Kabuku kamene munasankhiramo ulendo kanalemba Rome ndi zilembo zikuluzikulu, dzina la dokolo n'kulikanikiza pambali ndi tizilembo tofuna mandala. Ntchito yokonzera anthu masiku a padoko ndinaiyambira pa desiki ya m'sitima momwemo, pano ndimaigwirira kumtunda, ndipo kunena mosabisa, nkhani imeneyi yandilemetsa pakamwa.

Si Rome yokha. Mukaona Florence, dziwani kuti ndi Livorno, ndipo pa sitima yapamtunda ndi ola limodzi ndi theka. Mukaona Paris, ndi Le Havre, makilomita pafupifupi 200, maola oposa awiri kupita kokha. Berlin ndi Warnemünde, maola pafupifupi atatu. Ku Venice, kuyambira mu Ogasiti 2021 boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa pakati pa mzindawo, moti zina zimakocheza ku Marghera, zina mpaka ku Ravenna kapena ku Trieste, koma dzina la Venice silinachoke m'timabuku.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pepala likuti sitima ifika 7 koloko m'mawa, inyamuka 7 koloko madzulo. Maso akuona maola 12. Koma sitima ikakocheza satsegula chitseko pompo, akuluakulu a padoko amayamba aona mapepala, ndiye anthu masauzande amafola kuti atsike. Mukatsika simunatulukebe m'doko: mukwera basi ya padoko kukafika pachipata, kenako muyenda kapena mukwera basi ina kukafika pasiteshoni. Sitima yapamtunda itenga ola ndi mphindi zingapo. Zonse zikayenda bwino, muponda ku Rome cha m'ma 10 koloko.

Tsopano kumapeto, komwe anthu safuna kuyang'ana. Nthawi yonyamuka si yanu, ndi ya kaputeni. Yanu ndi imene imalembedwa pachikwangwani potsikira kuti "All aboard", kutanthauza nthawi yoti aliyense akhale atakwera, ndipo nthawi zambiri imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke. Ndiye 6:30. Ine ndimafuna mukhale muli pachipata cha doko ola lathunthu nthawiyo isanakwane, 5:30. Kuti zitero muyenera kukwera sitima yapamtunda ya m'ma 3:30, osati chifukwa ya 4:30 singakufikitseni, koma kuti mukaiphonya kapena akaichotsa, kumbuyo kukhale kudakali zina ziwiri. Sitima yomaliza imene ingakufikitseni pa nthawi muziitenga ngati kulibe. Onjezani kuti pa siteshoni yaikulu ya ku Rome, ya Termini, sitima zopita ku Civitavecchia nthawi zambiri zimanyamukira kumapeto kwenikweni, koyenda mphindi pafupifupi 10 kuchokera pakhomo. Pa maola 12 aja mwatsala ndi asanu.

Maola asanu amakwana chinthu chachikulu chimodzi, chakudya chamasana, ndi kuyendayenda pang'ono. Sakwana Colosseum, Vatican, Trevi ndi kugula mphatso za mudzi wonse. Sankhani chimodzi, mugule tikiti yokhala ndi ola lolowera musanachoke kwanu, ndipo muone ngati malowo amatsegula tsikulo: nyumba zosungiramo zakale za ku Vatican zimatseka Lamlungu kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, Uffizi ku Florence imatseka Lolemba, Louvre ku Paris Lachiwiri. Ngati mwasankha Vatican, tsikirani pa siteshoni ya Roma San Pietro, musakazungulire ku Termini. Ndipo kulikonse mungapite, yambirani kutali m'mawa, dzuwa likamapendeka muzibwerera kufupi ndi sitima.

Za wotchi. Dziko la Greece lili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Italy, Portugal ili kumbuyo kwa Spain ndi ola limodzi. Sitima zambiri zimasintha nthawi usiku kuti zifanane ndi doko, koma zina zimasunga nthawi yawo, ndipo "All aboard" amalemba pa nthawi ya sitima. Foni yanu zimenezi siizidziwa, imangotsata netiweki imene yaigwira. Pachilumba cha Corfu, makamaka chakumpoto chakum'mawa, foni imatha kugwira netiweki ya ku Albania tsidya lina la madzi, komwe nthawi ili kumbuyo ndi ola limodzi. Mudzakhala phee pa kapu ya khofi mukuona 4 koloko, pomwe kusitima ili 5. Valani wotchi yapamkono, muitchere mukutsika, mufunse wapachitseko ngati nthawi ya sitima ikufanana ndi ya mtunda. Safunsa anadya phula.

Pali madoko ena amene sitima siigunda n'komwe gombe. Imaima pakati pa madzi, anthu n'kumawatuta ndi timaboti timene apasitima amati tender. Pamenepa boti lomaliza limanyamuka msanga, nthawi zambiri ola limodzi sitima isanachoke. Santorini, chilumba cha ku Greece, ndiye imaliza anthu. Boti limakusiyani pansi pa phompho, tauni ya Fira ili pamwamba, ndipo njira zake ndi chikepe choyenda pachingwe, masitepe pafupifupi 600, kapena abulu. Chikepecho chili ndi tizipinda 6 tonyamula anthu 6 kalikonse. Ganizani tsiku limene sitima zinayi zaima pamodzi, aliyense akufuna kutsika ola lomaliza. Mzere umakhota m'misewu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo masitepe aja ndi oterera ndi ndowe za abulu, si a munthu wa mawondo ovuta. Yambani kutsika kutatsala maola awiri. Dziwaninso kuti madoko oterewa ndi amene kaputeni amawadumpha mphepo ikalimba, monga ku Mykonos miyezi ya Julayi ndi Ogasiti. Musalipiriretu ulendo wapamtunda kwa kampani imene sinalembe kuti idzabweza ndalama sitima ikalephera kufika.

Ena amati, "Sangatisiye, tinalipira ndalama zambiri." Angakusiyeni, ndipo si nkhanza. Malo okochezapo amachita kubwereka kwa maola owerengeka, katswiri wotulutsa sitima m'doko amakhala ndi nthawi yake, doko lotsatira lili kutali, ndipo kuthamangitsa sitima yaikulu kuti ibweze nthawi yotayika kumadya mafuta ochuluka koopsa. Amene amadikiridwa ndi amene apita pa ulendo wokonzedwa ndi sitimayo, chifukwa basi yonse ikachedwa ndi udindo wa kampani. Sindikukutsatsani maulendowo ayi. Ambiri ndi odula mopanda chifukwa. Ku Dubrovnik, kuchokera padoko la Gruž kukafika pachipata cha Pile, cholowera mumzinda wakale, ndi makilomita atatu okha pa basi ya mumzinda. Ku Piraeus, doko la ku Athens, sitima yapansi imakufikitsani ku Monastiraki, m'munsi mwa Acropolis, m'mphindi za m'ma 20. Kumeneko pitani nokha. Koma ngati kumene mtima wafuna kuli maola awiri kuchokera padoko, kapena msewu wake ndi umodzi wokha, lipirani ulendo wokonzedwa ndi sitimayo kapena musapiteko.

Ndiye pali madobadoba a pachipata. Doko lililonse lili nawo: kakhadi kakulendewera m'khosi, zithunzi zokutidwa pulasitiki m'manja, Chingelezi chokoma, mtengo theka la wa sitima. Amalonjeza malo anayi tsiku limodzi chifukwa sitima ikakusiyani iwo sataya kanthu, ndipo mawa kudzabwera sitima ina ndi nkhope zina.

Nkhani imene siichoka m'mutu mwanga inachitika ku Naples. Bambo ndi mayi achikulire, anthu aulemu, osunga nthawi pa chilichonse, anakumana ndi munthu wotere. Anawalonjeza Pompeii, Sorrento ndi Positano, ndalama zonse analandiriratu m'mawa. Amene anayendapo pa msewu wa m'mbali mwa nyanja wa ku Amalfi akudziwa: ndi wopapatiza, wokhotakhota, mabasi awiri akakumana pakona imodzi imabwerera chambuyo, magalimoto onse n'kuima ndii. Anafika ku Positano masana atapita kale. Woyendetsa anawatsitsa kumtunda kwa tauni, akuti akukafuna poimika galimoto, ndipo sanaonekenso. Anamudikira ola lathunthu, chifukwa bambowo ankati munthu amene wadya ndalama zako sangathawe. Kenako anakwera basi yobwerera ku Sorrento, n'kulowa sitima ya Circumvesuviana imene imaima pafupifupi siteshoni iliyonse ndipo imatenga nthawi yoposa ola kukafika ku Naples.

Ife kusitima tinkadziwa kuti palibe, chifukwa khadi la munthu aliyense limajambulidwa potsika ndi pokwera. Tinaitana mayina awo pachimkuzamawu kangapo. Achitetezo analowa m'chipinda chawo, anatsegula sefa, anatenga mapasipoti n'kukapereka kwa ajenti wa padoko, woimira kampani ya sitimayo kumtunda, monga zimachitikira. Zingwe zinamasulidwa. Chimene sitinkadziwa n'chakuti bambowo anali ndi matenda a shuga, ndipo insulin yawo yonse inali m'kafiriji ka m'chipindamo. M'mawa ananyamula ya tsikulo yokha. Tsiku lotsatira sitima inali pakati pa nyanja osaima paliponse, ndipo usiku umenewo bambowo anagona m'chipatala cha m'dziko limene chilankhulo chake sankachimva.

Chimene chimandipweteka si dobadoba uja, akubawo alipo ndipo adzakhalapo. N'chakuti nambala ya foni ya ajenti inali m'chikwama cha mayiwo tsiku lonse, pa pepala la ndondomeko ya tsiku limene amaika pachitseko cha chipinda usiku uliwonse. Nditawafunsa pambuyo pake chifukwa chimene sanaimbire, anati, "Mwana wanga, tinkachita manyazi, tinkati mwina tifika." Akanaimba ali ku Sorrento, mankhwala aja akanatsitsidwa limodzi ndi mapasipoti. Ndipo kaputeni akadziwa kuti munthu ali pamalo akutiakuti, watsala mphindi 10, nthawi zina amaleza mtima. Munthu amene sakudziwika komwe ali samudikira. Mukangoona kuti nthawi yakuthinani, imbani pomwepo, musadikire kuti mutsimikize kuti mwachedwadi.

Takisi yeniyeni imadziwika. Ku Naples ndi ku Rome ndi yoyera, ili ndi chikwangwani pamwamba ndi nambala ya laisensi pachitseko. Ku Athens ndi yachikasu. Ku Barcelona yakuda ndi chikasu. Imadikira pamalo ake, siikuthamangirani. Ku Naples kuli mitengo yoikika ya maulendo ena, koma muyenera kuipempha galimoto isananyamuke, apo ayi mita iyamba kuwerenga. Ngati mwabwereka galimoto ya tsiku lonse, musalipire zonse musanabwerere pachipata, ndipo jambulani nambala yake woyendetsayo akuona.

Amene mukudalira sitima zapamtunda ku Italy, yang'anani ngati tsiku lanu kuli sitiraka, chifukwa amalengezeratu. Msampha wake ndi uwu: masiku a ntchito, sitima za m'madera zimayendabe kuyambira 6 mpaka 9 koloko m'mawa ndi 6 mpaka 9 koloko madzulo ngakhale kuli sitiraka. Ndiye m'mawa mupita bwinobwino osadziwa kanthu, koma 3 koloko masana, nthawi imene mukufuna kubwerera, njanji ili zii. Tikiti yapepala ya sitima zimenezi muidinditse pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere, apo ayi mulipira chindapusa, ndipo mkangano ndi kondakitala ungakutsitseni pakati panjira.

M'chikwama chotsika nacho mukhale mankhwala a masiku awiri kapena atatu, khadi la kubanki, ndalama pang'ono za m'dzikomo, chotchajira foni, mapu otsitsiratu chifukwa intaneti imathawa pamene mukuifuna, ndi nambala ya ajenti yolembedwa papepala, poti foni imatha moto. Za pasipoti tsatirani zimene sitima yanena pa doko limenelo. Amene mumayendera viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, onetsetsani kuti ndi yolowera kangapo ngati ulendo ukudutsa ku Kuşadası m'dziko la Turkey kapena ku Kotor ku Montenegro, chifukwa mukatuluka ndi viza yolowera kamodzi, njira yobwerera yatsekeka, ndipo angakukanizeni kukwera tsiku loyamba lomwe.

Pa sitima zoyenda m'mbali mwa gombe la Norway nkhani imathina kuposa apa. Njira ya Hurtigruten, imene inayamba mu 1893 ndipo lero imachokera ku Bergen kukafika ku Kirkenes, imaima m'madoko 34, koma ambiri mwa iwo sitima imangotsitsa katundu ndi anthu a komweko kwa mphindi 10 kapena 15. Kumeneko si kotsika kukafuna sitolo.

Zikavuta n'kupeza sitima yapita, pitani kwa ajenti wa padoko musanachite china chilichonse. Iye ndi amene ali ndi pasipoti yanu ndipo akudziwa ngati mungaloledwe kukakwerera pa doko lotsatira. Ndege, hotelo ndi takisi zonse ndi za m'thumba mwanu. Inshuwalansi ya ulendo wamba nthawi zambiri siikhudza zimenezi pokhapokha mutawonjezera gawo la maulendo a pasitima, ndipo ngakhale pamenepo amafuna umboni wolembedwa wakuti sitima yapamtunda inachedwa kapena msewu unatsekedwa, ndiye muupemphe mudakali pasiteshoni pomwepo.