Hammam si sauna, ndipo simenti si mankhwala ake

Zimanditopetsa kumva anthu akunena kuti hammam ndi sauna ya Aluya. Mu sauna munthu amangokhala pa benchi kudikira thukuta. Mu hammam, yomwe ndi nyumba yosambiramo anthu ambiri, anthu amapita kukasamba, kudzikhula mpaka litsiro lichoke, madzi akuyenda pansi osaima. Msilamu amayenera kusamba thupi lonse pa nthawi zina, makamaka asanapite ku mapemphero a Lachisanu, n'chifukwa chake mabafa amenewa ankamangidwa pafupi ndi mzikiti, ndipo ndalama zolowera pakhomo nthawi zambiri zinkathandiza kusamalira mzikitiwo kudzera mu waqf, chuma choperekedwa kuti chizithandiza ntchito za chipembedzo.

Amene amaganiza kuti hammam ndi chipinda cha nthunzi chabe ndi amenenso amaiononga akapatsidwa kuti aikonze.

Nyumba imeneyi inamangidwa mozungulira moto umene wosambayo sauona. Ng'anjo ili kuseri kwa khoma la chipinda chamkati, ndipo khomo lake ndi lakunja. Moto umatenthetsa thanki ya madzi, utsi wotentha n'kudutsa pansi pa miyala imene anthu amapondapo, kenako n'kutulukira m'chumuni. Ku Damascus, m'dziko la Syria, zipinda zake zitatu amazitchula barrani, wastani ndi juwwani: chakunja chovuliramo zovala, chapakati chofunda, chamkati chotentha kwambiri. Makomo ake ndi aang'ono ndipo saloza mzere umodzi, kuti kutentha kusathawe. Mazenera mulibe. Kuwala kumalowera m'timabowo ta padenga lozungulira, totsekedwa ndi magalasi okhuthala. Luso limeneli Aluya analitenga kwa Aroma, ndipo mukapita ku Qusayr Amra, nyumba yachifumu yakale ya m'chipululu ku Jordan, yomangidwa pakati pa zaka za 723 ndi 743, mudzapeza zipinda zikutsatana motero.

Moto umenewu sutumikira osamba okha. Ku Marrakech, m'dziko la Morocco, wosonkhezera moto amagwiritsa ntchito utuchi ndi zinyalala za akalipentala, ndipo anthu amam'bweretsera miphika ya nyama, yotchedwa tanjia, kuti aikwirire m'phulusa maola ambiri. Ku Cairo nyemba za ful zinkapsa usiku wonse pa ng'anjo ya hammam. Amayi ali ndi nthawi yawo yosambira, ndipo kumeneko ndi kumene mkwatibwi amakam'sambitsa ukwati usanachitike, ndi kumenenso nkhani za m'dera zimakumana. Mfumu Philip II ya ku Spain inadziwa kufunika kwa malo amenewa pamene mu 1567 inaletsa mabafa a Asilamu otembenuzidwa kukhala Akhristu ku Granada.

Koma chimene chimandiwawa ndi makoma. Makoma a hammam yakale ndi a njerwa kapena miyala yomangidwa ndi laimu. Ku Marrakech amapaka tadelakt: laimu amene amam'salaza ndi kamwala kolimba asanaume, kenako n'kum'paka sopo wakuda wa mafuta a azitona. Sopoyo akakumana ndi laimu, pamwamba pake pamaterera, madzi salowa, komabe khomalo limatha kutulutsa chinyezi pang'onopang'ono. Likatentha limafutukuka, likazizira limabwerera, laimuyo n'kumatsatira.

Ndiye pabwere mmisiri wa changu, thumba la simenti paphewa, n'kulonjeza kuti pomafika Loweruka zonse zikhala zatha. Amata mng'alu, aika matailosi owala, mwini wake n'kusangalala. Simenti ndi youma gwa, siyenda pamodzi ndi khoma, ndipo imatsekera chinyezi mkati. Chinyezicho chimakwera kufunafuna potulukira, chitanyamula mchere. Mcherewo ukauma m'timabowo ta njerwa umaiphwanya kuchokera mkati. Poyamba mumangoona ufa woyera m'mphepete mwa pamene anamatapo. Mukagogoda tailosi imalira ngati ng'oma. Pofika pamene pulasitala akugwa, njerwa ya kumbuyo kwake yasanduka mchenga, ndipo ngati ili pansi pa denga lozungulira lija, vuto lafika kumene kulemera konse kwatsamira.

Ena amazimitsa ng'anjo n'kuika boila ya dizilo kuti izingotenthetsa madzi. Pansi pamazizira, nthunzi ikagunda khoma lozizira imasanduka madontho, nkhungu n'kumera. Kutseka hammam kwa miyezi ingapo "mpaka ndalama zipezeke" kumachitanso chimodzimodzi, ndipo kuisonkhezera moto waukulu tsiku limodzi pambuyo pake kumang'amba miyala ya pansi. Nyumba yozizira imafuna kutenthetsedwa pang'onopang'ono kwa masiku angapo.

Chizindikiro chosayenera kuchigonera ndi fungo la utsi m'chipinda chamkati. Limatanthauza kuti mwala wa pansi wang'ambika, utsi ukulowa kumene kuli anthu, m'chipinda chopanda zenera. Wosamba akayamba kumva mutu ndi chizungulire, ena amati ndi kutentha chabe, am'thire madzi ozizira. Ayi. Mutulutseni panja msanga, tulutsaninso ena onse, zimitsani moto, ndipo asalowemonso munthu mpaka mwalawo utazulidwa ndi kumangidwanso ndi laimu.